Chinenero Cholamulira Makina a Asilikali



Kodi mudziwa kuti m'ndege ndi m'sitima zamakono muli kompyuta zazing'ono zobisika m'kati mwa makina? Kompyuta yotere ili ndi ntchito imodzi yokha, koma iyenera kuichita pa nthawi yake yeniyeni. Ikachedwa pang'ono, anthu angafe. Malamulo amene imatsata amalembedwa m'chinenero chapadera.

M'zaka za m'ma 1970, unduna wa chitetezo wa ku America unapeza kuti makina ake analikulamulidwa m'zinenero zoposa 450. Taganizani kalasi limene mwana aliyense alankhula chinenero chakechake! Tsono mu 1975 akatswiri anayamba kulemba zofunika pa chinenero chimodzi. Chikalata choyamba anachitcha Strawman, ndiko kuti munthu waudzu. Chotsiriza, cha mu 1978, Steelman, munthu wachitsulo.

Asilikali anafunanji? Poyamba, kuti chinenerocho chikhale chosavuta kuwerenga, ngakhale chitatopetsa wolemba. Ine ndiyesa kuti apa anaganiza bwino, pakuti ndege imakhala zaka zambiri, ndipo wodzakonza malamulo ake kawirikawiri si uja anawalemba. Anafunanso kuti zolakwa zigwidwe makina asanayambe ntchito, monga mphunzitsi achonga masamu anu mayeso asanafike. Ndi kuti makina athe kuchita zinthu zingapo nthawi imodzi, nadziwe chochita zikavuta.

Magulu anayi anapikisana, ndipo mu 1979 linapambana la Jean Ichbiah wa ku France. Chinenerocho anachitcha Ada, pokumbukira Ada Lovelace, mayi wodziwa masamu amene anabadwa mu 1815. Pambuyo pake chinalowanso m'ndege za Boeing 777.

Komabe mu 1996 roketi ya Ariane 5, yolamulidwa mwa Ada, inasweka mphindi imodzi isanathe chinyamukire. Nambala ina inakula koposa malo amene anaisungira. Makina anaona cholakwacho ndithu, koma pamenepo olemba malamulo sanaike chotetezera. Choncho kompyuta yoyeza njira ya roketiyo inazima, pamodzi ndi inzake yoyembekezera kuilowa m'malo.