Kalata imene Huck anang'amba pa mtsinje wa Mississippi

Pamene Samuel Langhorne Clemens, amene dziko limam'dziwa ndi dzina lakuti Mark Twain, anatulutsa buku lake la Adventures of Huckleberry Finn, poyamba ku London mu Disembala 1884, ndi kwawo ku America mu Febuluwale 1885, akuluakulu oyang'anira nyumba ya mabuku ya mzinda wa Concord, ku Massachusetts, analikana bukulo, nati chinenero chake n'chachabechabe, ndi kuti mnyamata wosimbidwamo sayenera kuikidwa pamaso pa ana a anthu olemekezeka. Pa chinthu chimodzi akuluakuluwo sanaphonye: Huck ndi mwana wabodza. Amapha nkhumba namwaza magazi ake kuti anthu ayese kuti iye waphedwa, amavala chovala cha mtsikana, ndipo pafupifupi pa doko lililonse amadzipatsa dzina latsopano ndi makolo atsopano. Koma wowerenga wofatsa adzaona kuti mabodza a m'bukuli sali a mtundu umodzi, ndi kuti bodza loposa onse silinatuluke m'kamwa mwa mwanayo, koma linaikidwa mumtima mwake ndi anthu oopa Mulungu amene anam'phunzitsa.

Nkhaniyi ichitika zaka makumi anayi kapena asanu bukulo lisanasindikizidwe, ukapolo uli chilili m'chigawo cha Missouri. Huck athawa atate wake, chidakwa chankhanza. Jim athawa mbuye wake, Miss Watson, atamva kuti mayiyo afuna kum'gulitsa ku New Orleans pa mtengo wa madola 800. Akomana pa chilumba cha Jackson, nayamba kutsetsereka ndi mtsinje pa phaka la mitengo, kuyenda usiku ndi kubisala usana, cholinga chawo chili mzinda wa Cairo, pamene mtsinje wa Ohio uthira mu Mississippi, pakuti kuchokera pamenepo munthu akanakwera sitima kulowera kumpoto kumene kunalibe ukapolo. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, anatero akale. Koma awiriwa sanakwere phakalo ali olingana, popeza Huck, ngakhale anali mphawi wosamva kukoma kwa nsapato, anali mzungu, ndipo anakula akudziwa kuti munthu wakuda ndi chuma cha mwini wake.

Usiku wina nkhungu yaikulu inawalekanitsa, Huck ali m'bwato, Jim ali pa phaka, ndipo anaitanizana mumdima kufikira mawu anawathera. Atam'peza mnzake ali m'tulo tachisoni, Huck anam'namiza kuti nkhungu kunalibe, ndi kuti zonsezo anazilota. Jim anakhulupirira, nayamba kumasulira lotolo. Koma kutayera, anaona masamba ndi zinyalala zimene mtsinje unatayira pa phaka, pamodzi ndi nkhafi yothyoka, ndipo anazindikira. Sanakalipe. Anangomuuza mnyamatayo kuti mtima wake unasweka poyesa kuti watayika, kuti atam'onanso wamoyo misozi inatuluka, ndi kuti munthu wochititsa manyazi bwenzi lake afanana ndi zinyalala zomwezo. Atatero analowa m'kamsasa kake. Huck analimbana ndi mtima wake kwa mphindi 15 asanapite kukapepesa kwa kapolo, ndipo sananong'oneze bondo chifukwa cha kupepesako. Ine ndiyesa kuti apa ndi pamene pagona bukuli, pakuti kufikira usiku umenewo Jim anali woyenda naye ndi woseweretsa, koma kuyambira pamenepo anakhala munthu amene angathe kulakwiridwa, ndipo wophunzitsa mwanayo chinthu chachikulu chotere anali kapolo wosadziwa kulemba.

Komatu m'mera mpoyamba, ndipo chimene chinabzalidwa mwa Huck chinali ndi mizu. Pamene Jim anayamba kulankhula mokondwa za ufulu, kuti adzagwira ntchito, nadzaombola mkazi wake, ndi kuti akadzakana mwini wake kugulitsa ana awo awiri adzapeza wowaba, chikumbumtima cha mnyamatayo chinam'tsutsa koopsa, chifukwa m'maso mwake anawo anali katundu wa munthu amene sanam'lakwire kanthu. Anapalasa bwato kuti akaulule. Panjira anakomana ndi amuna awiri amfuti osaka akapolo othawa, ndipo lilime linam'kanika. M'malo mwake anawachititsa kuganiza kuti pa phakapo pagona atate wake odwala nthomba, ndipo amunawo, poopa nthendayo, anam'siyira ndalama ziwiri zagolide za madola 20 iliyonse, nathawa. Bodza limeneli ndi mbale wake wa bodza la anamwino a Ahebri pamaso pa Farao, ndi la Rahabi wa ku Yeriko. Koma Huck sanadziyese wolungama, anabwerera ali wolemedwa ngati wochimwa.

Twain sanapeke chikumbumtima chotere. Iye anakulira ku Hannibal, m'mbali mwa mtsinje womwewo, m'banja limene linasungapo akapolo, ndipo anadzachitira umboni ali wamkulu kuti pa ubwana wake sanadziwe kuti ukapolo uli ndi choipa, popeza abusa pa guwa anaphunzitsa kuti Mulungu anauvomereza. Kalata ya Paulo kwa Filemoni inali pakamwa pa alaliki a masiku amenewo. Lamulo la m'Deuteronomo loletsa kubweza kapolo wothawa kwa mbuye wake silinamveke kwenikweni.

Za akathyali awiri amene anakwera phakalo pambuyo pake, wina wodzitcha mfumu ya France, wina wodzitcha mfulu ya ku Bridgewater, sitichulukitsa mawu. Iwo ananamiza midzi, nadziyesa abale a malemu Peter Wilks kuti alande chuma cha ana amasiye, ndipo potsiriza wodzitcha mfumuyo anam'pereka Jim pa madola 40, nakamwera mowa.

Pamenepo Huck anatsala yekha, ndipo anayesa kupemphera, koma mawu sanatuluke, chifukwa anadziwa kuti pakamwa pake pakulonjeza kulapa pamene mtima sunafune kum'pereka mnzake. Kuti adziyeretse, analemba kalata kwa Miss Watson yonena kumene Jim anali, ndipo anamva kupepuka, monga munthu wosambitsidwa machimo ake onse. Koma asanaitumize anakhala pansi nalingalira, ndipo zinam'bwerera zonse: kucheza kwawo pa mwezi, kuimba ndi kuseka, ndi momwe Jim ankalondera phaka m'malo mwake kuti mwanayo agone, ndi momwe anam'tchulira bwenzi lake lokhalo pa dziko lapansi. Anagwira pepalalo akunjenjemera, nasankha Gehena, naling'amba. Tisapeputse kusankha kumeneku, pakuti mwanayo anakhulupiriradi kuti moto wosatha ulipo ndi kuti akudziponyamo. Palibe mbusa, palibe buku, palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anamuuza kuti wachita bwino, ndipo kufikira tsamba lotsiriza iye sadziwa kuti tsiku limenelo anali wolungama koposa aphunzitsi ake onse. Ichi chimandigwira mtima nthawi zonse, ndipo chimandiopsanso, popeza ngati chikumbumtima chingathe kuphunzitsidwa kutcha choipa chabwino, ndiye kuti kudekha kwa mumtima si umboni wokwanira wa chilungamo.

Machaputala otsiriza avuta owerenga ambiri, ndipo ali ndi chifukwa. Tom Sawyer, mnzake wa Huck, afika pa munda wa banja la Phelps pamene Jim anatsekeredwa, nasandutsa kum'masula kukhala sewero la masabata angapo, lodzaza njoka, makoswe ndi makalata oopseza, chonsecho akudziwa kuti Miss Watson anamwalira miyezi iwiri yapitayo atam'masula kale Jim m'chikalata chake cha masiye. Huck, amene anadzichepetsa usiku wa nkhungu uja, atsata Tom mosatsutsa kwenikweni. Ena amati wolemba anatopa. Ena amati anali kuonetsa dziko lake la m'zaka za m'ma 1880, limene linamasula akapolo pa pepala mu 1865 koma linapitiriza kusewera ndi ufulu wawo. Ine nditsamira kwa achiwiriwa, ngakhale ndivomereza kuti masambawo atalika kuposa muyeso, monganso ndivomereza kuti makolo akuda a ku America amene safuna kuti ana awo amve m'kalasi liwu lachipongwe lotchulira anthu akuda, limene libwerezedwa koposa ka 200 m'bukuli, sakudandaula pachabe.

Usiku umene anam'thawitsa Jim, Tom analasidwa chipolopolo pamwendo, ndipo Jim, ufulu uli pafupi, anakana kuchoka, natuluka pobisala kuti athandize dokotala, ngakhale anadziwa kuti am'manganso maunyolo. Iyenso anali ndi chinsinsi chake: mtembo umene anaupeza kale m'nyumba yoyandama pa mtsinje, naukwirira nkhope kuti mnyamatayo asauone, unali wa atate wake a Huck, ndipo anaulula zimenezi pamapeto penipeni. Tom anam'patsa madola 40 chifukwa cha kupirira kwake m'ndende. Za mkazi wa Jim ndi ana ake awiri, amene anatsala mu ukapolo ku Missouri, bukulo silinenanso kanthu.