Liu Limodzi la Cifalansa Limene Litsegula Cipata pa Malire

Anthu ambiri a ku Katete, Petauke ndi Lundazi ali ndi abale ku migodi, monga m'komboni ya Pamodzi mu Ndola kapena m'tauni ya Kitwe. Kucokera kumeneko dziko la Congo lili pafupi ndithu. Sakania ali pambali pa Ndola, Mokambo ali pafupi ndi Mufulira, ndipo Kasumbalesa ali kutsogolo kwa Chililabombwe pa mseu wa ku Lubumbashi. Nawonso opita ku Mansa pa mseu wa Pedicle adutsa m'dziko la eni kufikira pa mlatho wa Chembe, umene unatsegulidwa mu caka ca 2008.

M'misika ya ku Katanga anthu alankhula Ciswahili, koma m'maofesi ndi pa mapepala a boma cilankhulo ndi Cifalansa. Cinabwera ndi Abelijiyamu amene analamulira dzikolo kuyambira 1908 mpaka 1960, ndipo cinakhalabe pamene dzikolo linali kuchedwa Zaire, kucokera 1971 mpaka 1997. Tsono mlimi amene atenga nyemba, nsawa kapena nkhuku kukagulitsa ku malire acita bwino kudziwako mau pang'ono.

Liu loyamba kuphunzira ndi "pouvoir", lochulidwa ngati "puvwa". Ife tili ndi kutha, kuloledwa ndi mwina, koma iwo nchito zitatuzi aziika pa liu limodzi. Lisintha malinga ndi munthu: "je peux" ndi ine, "il peut" ndi iye, "nous pouvons" ndi ife, "vous pouvez" ndi inu. Pambuyo pake pabwera liu la cimene mufuna kucita.

Nchito yoyamba ndi ya mphamvu. "Je peux porter ce sac" ndiye kuti ndingathe kunyamula thumba ili.

Yaciwiri ndi ya cilolezo, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Pofika kwa ofisala funsani kuti "Est-ce que je peux passer?", kutanthauza kuti kodi ndingadutse? Akati "Vous pouvez passer", pochula ngati "vu puve pase", njira yatseguka. Akati "Vous ne pouvez pas passer", akukanizani. Cenjerani, pakuti polankhula mwamsanga ambiri ameza "ne" uja nkungoti "vous pouvez pas". Kusiyana kwa kuloledwa ndi kukanizidwa kutsala pa kaliu kakang'ono komveka ngati "pa". Munthu wosachera khutu angathe kunyamuka ndi katundu wake alikuyesa kuti amulola, pamene amuletsa, ndipo mlandu uyambira pomwepo.

Yacitatu ndi ya zosatsimikizika. "Il peut pleuvoir" ndiye kuti mvula ingagwe. "Peut-être" ndi mwina. Wogula akayankha "peut-être" pa za kulipira mawa, sanalonjeze kanthu, conco musamusiyire katundu.

Ulemu nawo uli ndi malo ake. Monga ife sitinena "iwe" kwa mkulu, iwonso "tu peux" auza mwana kapena mnzao wapamtima. Kwa ofisala ndi kwa mlendo nenani "vous". Popempha modzicepetsa nenani "Pourriez-vous m'aider?", ndiko kuti kodi mungandithandizeko?

Palinso cina cimene cisokoneza ngakhale ana athu amene aphunzira Cifalansa ku sekondale. M'mabuku, luso locita kuphunzira linenedwa ndi "savoir", kudziwa: "Je sais lire" ndiye kuti ndidziwa kuwerenga. Koma Abelijiyamu agwiritsa nchito liu lomweli m'malo mwa "pouvoir", ndipo cizolowezico cinatsalako ku Congo. Munthu wa ku Lubumbashi akati "Je ne sais pas venir", sakunena kuti sadziwa njira, koma kuti sangathe kubwera.

Liu lomweli likakhala dzina, "le pouvoir", litanthauza ulamuliro. Ici citikumbutsa kuti wopatsa cilolezo ndi boma. Mau okoma salowa m'malo mwa pasipoti kapena cikalata codutsira malire, ndiponso cimanga ndi ufa sizituluka m'dziko popanda cilolezo. Njira za m'chire zataitsa ambiri njinga ndi katundu yemwe. Konzani mapepala anu musananyamuke, dzerani pa cipata ceni-ceni, funsani mwaulemu, ndipo mverani yankho mpaka kumapeto kwake.