Chotupa cha Pansi pa Lilime la Mwana

Amayi anzanga, tsiku lina pa msonkhano wa gulu lathu kuno ku Mzimba panabwera mayi wina ndi mwana wa zaka 5 amene ankavutika kumeza nsima. Titamuyasamitsa, tinaona chotupa chofeŵa, chonyezimira, pansi pa lilime. Agogo ake anali atachiboola kaŵiri ndi munga. Chinkaphwa, koma patapita masiku nkudzalanso.

Madokotala amachitcha ranula, mawu a Chilatini otanthauza kachule, popeza chimafanana ndi mimba ya chule. Munthu ali ndi akasupe akuluakulu a malovu 6: aŵiri kutsogolo kwa makutu, aŵiri kunsi kwa nsagwada, aŵiri pansi pa lilime. Kanjira ka malovu a pansi pa lilime kakavulala kapena kutsekeka, malovuwo amatayikira mu mnofu, naunjikana ngati thumba. N'chifukwa chake kuboola sikuchiza, pakuti kasupeyo akutulutsabe malovu. Munga ndi lezala zimangoloŵetsa tizirombo.

Tisachisokoneze ndi matsagwidi. Matsagwidi amadza ndi ululu ndi kutentha thupi, ndipo amatha pa masabata aŵiri. Ichi kaŵirikaŵiri sichipweteka, koma chimakhalitsa, ndipo nthaŵi zina chimatsikira m'khosi, kunsi kwa chibwano.

Pitani naye mwana ku chipatala cha Boma cha Mzimba kapena cha Embangweni. Pakafunika opareshoni angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Dokotala amayang'ana m'kamwa, ndipo chikakhala m'khosi amachiunika ndi sikani. Kung'amba thumba lokha kumathandiza ena, koma nthaŵi zambiri chimabwerera. Njira yodalirika ndiyo kuchotsa kasupe wovulalayo. Musaope kuti kukamwa kudzauma, pakuti otsalawo amakwanira.

Akapempha kuyeza magazi a mwana, musakane. M'chaka cha 2004 madokotala a ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, analemba kuti ambiri mwa odwala chotupachi amene anawayeza anali ndi HIV. Sikuti mwana aliyense wa chotupa ali nako kachiromboko, koma akapezeka nako, ma ARV alipo aulere.

Mwana akalephera kuyamwa, kumeza kapena kupuma bwino, musadikire kuti kuche. Uja wa pa msonkhano anamuchita opareshoni, ndipo lero akudya ndi anzake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tizifunsa ku chipatala tisanagwire munga.