Ndalama zikasowa, si nthawi zonse mwini khadi ali wolakwa

Masiku ano ambili a ife tikagulitsa cimanga, nshawa kapena soya timalandila ndalama pa foni kapena ku banki. Asungicuma a mipingo ndi a makopaletivu naonso amasunga za gulu mwa njila yomweyo. Koma ndalama zikasowa, yankho lomwe munthu amamva kawilikawili ndi lakuti: munaulula nokha nambala yanu ya cinsinsi. Kodi makina salakwa? Ofufuza a m'mayunivesiti anaonetsa kuti amalakwa.

Pa yunivesiti ya Cambridge ku Britain panali a Pulofesa Ross Anderson, omwe anamwalila mu 2024. Kuyambila mu 1993 iwo anali kulemba kuti mabanki a kwao anali kukankhila mlandu makasitomala, pomwe vuto linali m'makina ndi m'kayendetsedwe ka banki.

Mu 2010 a Anderson pamodzi ndi a Steven Murdoch, a Saar Drimer ndi a Mike Bond anapeza cibowo pa makhadi olipilila m'masitolo. Anapanga kacipangizo kokhala pakati pa khadi ndi makina a m'sitolo. Munthu akatinika nambala iliyonse, ngakhale 0000, kacipangizoko kanali kuuza makina kuti nambala ndi yoona, ndipo khadiyo siinali kufunsidwa konse. Lisiti inali kutuluka yonena kuti PIN yatsimikizidwa. Motelo mbala yotola khadi ikanatha kugula katundu osadziwa nambala, mlandu n'kugwela mwini khadi.

Kumapeto kwa caka comweco bungwe la UK Cards Association linalembela yunivesitiyo kuti icotse pa intaneti zolemba za wophunzila wina, Omar Choudary, zofotokoza za cibowoco. A Anderson anakana. Mfundo yao inali yakuti kubisa cibowo sikucitseka, ndipo ofunika kukonza ndi eni makina.

Za ndalama za pa foni nazonso zinafufuzidwa. Mu 2015 gulu la a Patrick Traynor ndi a Bradley Reaves pa yunivesiti ya Florida ku America linaunika mapulogalamu 46 otumizila ndalama pa mafoni a Android. Asanu ndi awili a m'maiko monga India, Brazil ndi Philippines anawasanthula mozama, ndipo asanu ndi limodzi anapezeka ndi zibowo zoti mbala ikanatha kusokoneza ndalama zili m'njila. Anapezanso kuti malamulo omwe kasitomala amavomeleza polembetsa nthawi zambili anali kusenzetsa iye yemweyo mlandu ndalama zikabedwa.

Tisaname kuti mbala zonse zimadzela m'makina. Kuno kwathu ambili amabeledwa ndi mauthenga acinyengo akuti ndalama zalowa molakwika, kapena ndi foni ya munthu wodzicha wanchito wa kampani. Nambala ya cinsinsi tisapatse munthu, ngakhale wa pa buthu yotumizila ndalama. Koma ngati tikudziwa kuti sitinaulule, tisavomele mlandu cifukwa ca manyazi. Tisunge mauthenga ndi malisiti, tilembe tsiku ndi nthawi, tipeleke dandaulo lolembedwa ku banki kapena ku kampani ya foni. Zikakanika kumeneko, pali Bank of Zambia yomwe imayang'anila za malipilo, ndi ZICTA yoyang'anila za mafoni.

Tikupemphanso kuti aphunzitsi ndi ophunzila za makompyuta pa UNZA ndi pa Copperbelt University apatsidwe mpata ndi ndalama zoti aziyesa makina omwe mlimi wa ku Petauke kapena ku Katete amadalila, ndipo zomwe apeza azinena poyela atadziwitsa eni makina. Munthu woloza pomwe khoswe akulowela m'nkhokwe sitimam'pilikitsa. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.