Gitala Yolira pa Malire: Chimene Achinyamata Anaona mu Nyimbo za Rock

Makolo ambiri amadandaula kuti mwana akangogwira gitala saganizanso za nyimbo za kwawo, koma amathamangira nyimbo zaphokoso zochokera kutali. Dandaulo limeneli ndi lakale. Linamveka kwambiri m'zaka za m'ma 1970, pamene nyimbo za rock zinagwira mitima ya anyamata kuyambira ku London mpaka ku Lusaka, ndipo boma la Mchinji, pokhala pa malire, linali limodzi mwa makomo amene nyimbozo zinalowera m'dziko muno. Kodi anyamatawo anaonamo chiyani? Yankho lake lingatithandize kumvetsa ana athu a lero, ngakhale kuti iwo akuimba zina.

Kuchokera pa boma la Mchinji, pamene kale pankatchedwa Fort Manning, kukafika ku Chipata m'dziko la Zambia, kumene kale kunali Fort Jameson, ndi ulendo wa makilomita osakwana 40, kudzera pa malire a Mwami. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Achewa a uku ndi uko amalemekeza Kalonga Gawa Undi, ndipo Angoni a kwa Mlonyeni ndi a kwa Zulu ndi abale a Angoni a Mpezeni. Amakwatirana, amalirana maliro, amagulitsana mtedza ndi chimanga. Tsono mawu a pa wailesi safunsidwa chiphaso pa malire. Mnyamata wa pa Kamwendo kapena wa ku Mkanda amene anali ndi kawailesi ka mabatire ankangopotoza pang'ono kuchoka pa MBC, n'kumva Radio Zambia ikulankhula Chinyanja chimene iye ankachimva bwinobwino.

Pa wailesi imeneyo pankamveka nyimbo zimene zimatchedwa Zamrock. Oimba ake anatengera kaimbidwe ka Jimi Hendrix, Rolling Stones, Black Sabbath ndi James Brown, nasakaniza ndi za kwawo. Ku Kitwe kunali bandi ya WITCH, yotsogozedwa ndi Emmanuel Chanda, amene anapatsidwa dzina loti Jagari potengera Mick Jagger. Kunalinso Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Amanaz imene inatulutsa lekodi yotchedwa Africa m'chaka cha 1975. Koma kwa anthu olankhula Chinyanja, woyamba kumutchula ndi Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, amene anabadwa m'chaka cha 1949. Iye ndi bandi yake ya Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977, ndipo ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja cha m'makomboni a Lusaka. Chakumapakati kwa zaka zomwezo, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zosachepera 90 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dzikomo. Motero magitala a anyamata amenewa ankalira usana ndi usiku.

Chifukwa choyamba chimene mnyamata woyamba kumene kuimba amakondera rock n'chakuti khomo lake n'losavuta kulowa. Nyimbo zambiri za mtundu umenewu zimangofuna magwiridwe atatu a zala pa mawaya, amene oimba amawatcha makodi, ndipo ena mwa makodiwo amagwidwa ndi zala ziwiri zokha. Munthu wakhama angathe kuimba nyimbo yathunthu asanathe mwezi. Taganizirani za rumba ya ku Congo, imene inalinso yokondedwa m'madera muno. Bandi ya Franco ya OK Jazz inkakhala ndi anthu oposa 20, malipenga, ndi magitala angapo olukana ngati mkeka, aliyense akuyenda njira yakeyake. Luso lotere limatenga zaka. Mnyamata wa zaka 16 alibe mtima wodikira zaka. Amafuna kumva nyimbo ikutuluka m'manja mwake lero lomwe.

Chachiwiri ndi phokoso lenilenilo limene makolo amadana nalo. Oimba a Zamrock ankalumikiza gitala ku kachipangizo kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamachititsa kuti waya umodzi ulire mokhuthala ndi mokalipa ngati njuchi zolusa. M'kulira kotere, chala chikaterereka pang'ono palibe amene amazindikira. Woimba gitala yopanda magetsi alibe pobisala, pakuti cholakwa chilichonse chimamveka poyera. Komanso tikumbukire kuti mnyamata pamudzi ndi munthu wouzidwa zochita: pabwalo salankhula, pamaliro amakumba manda, kumunda amatsata mzere wa bambo ake. Tsiku limene wagwira chinthu chimene chimamveka mpaka kutsidya kwa dambo, amadzimva kuti nayenso ndi munthu.

Chachitatu n'chakuti bandi ya rock imangofuna anthu anayi: wa gitala, wa besi, wa ng'oma ndi woimba mawu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma zala zinayi n'zosavuta kuzipeza m'kalasi imodzi. Ndipo anayiwo safunika chilolezo cha wina aliyense. Nyimbo zathu zambiri zili ndi eni ake ndi nthawi yake. Ng'oma za gule wamkulu zili m'manja mwa olowa kudambwe. Ingoma ya Angoni imavinidwa pa zochitika zake, pamaso pa mafumu ndi madoda. Kwaya ya kutchalitchi ili ndi mtsogoleri, ndipo nyimbo zake zimasankhidwa ndi akuluakulu. M'malo onsewa mnyamata amayamba kumbuyo, n'kumadikira kuti adzaitanidwe kutsogolo. Mu bandi ya anzake, iye ndiye mwini nyimbo kuyambira tsiku loyamba.

Chachinayi ndi mawu. Paul Ngozi ankaimba za moyo wa m'komboni, za mabanja ndi makhalidwe a anthu, m'chilankhulo chimene anthu amagwiritsa ntchito pamsika. Mnyamata wa ku Mchinji akamva zimenezi ankazindikira kuti gitala yamagetsi imadziwanso Chinyanja, ndi kuti zimene iye amakamba ndi anzake madzulo n'zoyenera kuimbidwa.

Nanga n'chifukwa chiyani rock sinakule ku Malawi monga inakulira ku Zambia? Malamulo a nthawi ya Dr H. Kamuzu Banda anali okhwima pa nkhani zotere. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa. Mu 1973 munabwera lamulo la kavalidwe, ndipo m'zaka zimenezo mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa pa malire asanaloledwe kulowa m'dziko. Maonekedwe a woimba rock anali mlandu paokha. Kuwonjezera apo, gitala yamagetsi inali yodula, ndipo m'midzi munalibe magetsi oilizira.

Komatu njala ya nyimbo sinathe. Anyamata ankatenga chigaloni cha mafuta, mtengo wosema ndi mawaya a mabuleki a njinga, n'kupanga banjo. Ng'oma ankakunga ndi chikopa cha mbuzi, zotsekera mabotolo zikulira pa waya. Magulu otere anali ponseponse m'dziko muno, ndipo ambiri ankadzitcha majazi bandi, monga Chimvu Jazz Band ya Alan Namoko wa ku Thyolo. Nyimbo zawo sizinali rock, koma zifukwa zake zinali zomwe zija: makodi ochepa, anzako atatu kapena anayi, ndi ufulu woimba zakukhosi.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mtengo wa kopa, amene chuma cha Zambia chinkadalira, unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo anthu anayamba kusowa ndalama zogulira malekodi. Kenaka kunabwera disiko, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kalindula anatenga malo. Matenda a Edzi anatha oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Jagari Chanda anasiya siteji, mpaka anakagwira ntchito yokumba miyala ya mtengo wapatali.

Patapita zaka zambiri, kampani ya ku Los Angeles yotchedwa Now-Again Records inayamba kutolera malekodi akalewo ndi kuwatulutsanso. WITCH inadzukanso, niyenda ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Mu 2024 woimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga mbali ya nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977 naiika mu nyimbo yake yotchedwa Noid. Mawu a Chinyanja amene makolo ena ankati ndi phokoso la ana osamva anamveka m'makutu a anthu mamiliyoni.

Lero achinyamata ambiri a ku Mchinji, monganso anzawo a ku Lilongwe ndi ku Chipata, akayamba kuimba amasankha hip hop, dancehall kapena nyimbo zauzimu. Khomo losavuta lija linasamukira pa foni ndi pa kompyuta ya m'kasitudiyo ka pamsika, pamene munthu mmodzi angajambule nyimbo masana amodzi popanda kugwira waya. Mnyamata sanasinthe ayi. Akufunabe nyimbo imene angaiyambe msanga, imene imupatse mphamvu, ndi imene angatulutsiremo zakukhosi. Chimene chikutayika ndi luso la manja, pamodzi ndi mwambo wa anthu anayi omverana, aliyense akudikira mnzake kuti nyimbo iyende.

Choncho makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo amene akufuna kuti ana akonde nyimbo za kwathu ayambe ndi kuwatsegulira khomo. Mipingo yambiri ili ndi magitala ndi ng'oma zimene zimakhala zokhomeredwa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. M'midzi muli akatswiri a ng'oma, kaligo ndi banjo amene akukalamba popanda wowafunsa. Mwana akapatsidwa choimbira m'manja, ndi malo oti alakwitse popanda kunyozedwa, adzayamba ndi zimene akumva pa wailesi, monga anachitira Paul Ngozi, koma m'kupita kwa nthawi chilankhulo chake ndi ng'oma za kwawo zidzalowamo zokha.

Sabata yamawa tidzakamba za banjo ya chigaloni, kapangidwe kake, ndi oimba amene anaifikitsa pa wailesi ya MBC.