Mwana Wophunzira Tsidya la Ruo ndi Mpira wa Kwawo

Kuno ku Majaua, m'boma la Milange, kumene mtsinje wa Ruo ulekanitsa Mozambique ndi Malawi, alipo ana amene amawoloka kukaphunzira tsidya lija, ndipo makolo amandifunsa chifukwa chake ana otere sangasewere m'timu ya sukulu ya kwawo. Yankho n'lakuti Jogos Escolares, mpikisano umene uyambira pa sukulu, nukwera ku boma, kenaka ku chigawo cha Zambézia kufikira dziko lonse, uwerengera mwana kumene dzina lake linalembedwa m'kaundula, osati kumene agona. Lamuloli ndilimvetsa, pakuti liletsa kubwereka akatswiri. Komabe mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chotero ndipempha inu aphunzitsi kuti pa masiku okonzekera, ndi pa masewero a ubale a Loweruka, musawatsekere bwalo anawa.