KULUMIKIZA KOMPYUTA YAING'ONO

Masiku ano ana ambiri akatsiriza sukulu amapempha makolo kuti awagulire kompyuta. Ena amati akufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu. Kholo limada nkhawa, pakuti ndalama za mpunga kapena za thonje zimabwera kamodzi pa chaka. Zikaonongeka, banja livutika. M'phunziro lino tiona kuti ntchito imeneyi siilira kompyuta yaikulu ndi yodula. Yaing'ono ikwanira, ndipo munthu angathe kuilumikiza yekha.

Kodi pulogalamu n'chiyani?

Kompyuta payokha siidziwa kanthu. Imachita zokhazo zimene yauzidwa. Malangizo amene munthu amailembera ndiwo pulogalamu. Mukatumiza ndalama pa foni, pulogalamu ndiyo imawerengera ndalamazo. Tsono kulemba mapulogalamu ndi ntchito yamanja ndi yamutu, monga umisiri wina uliwonse.

Zinachitikapo kuno kwathu

M'chaka cha 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene tsopano timachitcha Kamuzu Central, anayamba kulemba maina a odwala pa timakompyuta tating'ono. Anayambitsa ntchitoyi ndi bambo Gerry Douglas ndi bungwe la Baobab Health. Iwo anagula timakina totsika mtengo totchedwa i-Opener kuchokera ku America. Anatikonza kuti munthu azingokhudza galasi lake ndi chala. Timakinato tinkadya magetsi ochepa, ndipo magetsi akazima tinkayendabe ndi mabatire. Pambuyo pake Amalawi ambiri analemba mapulogalamu a m'zipatala pa bungwe limeneli.

Ziwalo za kompyuta

Kompyuta ili ngati njinga. Ili ndi ziwalo zogulidwa pachokhapachokha, ndipo zimamangidwa pamodzi. Zazikulu ndi izi:

1. Bolodi lalikulu. Ziwalo zonse zimalumikizidwa pamenepa. Pa kompyuta yaing'ono funani bolodi la mtundu wa Mini-ITX. Kukula kwake ndi masentimita 17 m'litali ndi 17 m'lifupi.

2. Purosesa. Ndiko kachipangizo kamene kamawerengera ndi kutsata malangizo. Kamatentha kwambiri pogwira ntchito, choncho kamakhala ndi fani yake.

3. RAM. Ili ngati mkeka woyanikapo ufa. Mkeka ukakula, muyanika wambiri nthawi imodzi. Koma mukazimitsa kompyuta, zonse za pamkekapo zimachoka. Wophunzira ayambe ndi RAM ya 8 GB. Ya 16 GB ndiyo yabwino koposa.

4. SSD. Iyi ndiyo nkhokwe. Zimene mwasungamo zimakhalabe ngakhale magetsi azime. Ya 256 GB ikwanira poyamba.

5. Chogawa magetsi. Chimalandira magetsi a pakhoma ndi kuwachepetsa mphamvu kuti asaotche ziwalo.

6. Bokosi losungiramo zonsezi.

Padzafunikanso sikirini, kiyibodi ndi mausi. Wailesi yakanema yamakono ingathe kugwira ntchito ya sikirini.

Musanagule, funsani

Akulu anati safunsa anadya phula. Purosesa siilowa pa bolodi lililonse, monganso tayala la njinga yamoto silikwana pa njinga yakapalasa. RAM nayonso ili ndi mitundu, monga DDR4 ndi DDR5, ndipo bolodi limalola mtundu wake wokha. Bokosi laling'ono lili ndi malo ochepa, choncho yezani msinkhu wa fani musanalipire. Ngati mugula zogwiritsidwapo kale ntchito, wogulitsa aziyese inu mukuona.

Kalumikizidwe kake

Konzani tebulo loyera, louma ndi lowala bwino. Chingwe cha magetsi chikhale chozula. Yambani mwagwira chitsulo, monga chimango cha zenera. Kutero kumachotsa timagetsi ta m'thupi, tonga tija timathetheka povula juzi usiku. Timagetsi timeneti timaononga ziwalo.

Choyamba, ikani purosesa pamalo pake. Pangodya yake imodzi pali chizindikiro cha nsonga zitatu. Chiyang'anizane ndi chinzake cha pabolodi. Musakanikize. Ikakana kulowa ndiye kuti mwaitembenuza.

Chachiwiri, dontheza phala lapadera loziziritsira pamwamba pa purosesa, lochepa ngati njere ya nandolo. Mafani ena amabwera atapakidwa kale phalali. Kenaka mangani fani.

Chachitatu, lowetsani RAM. Ili ndi kampata kamodzi kolondolera mbali yake. Kanikizani mpaka mumve kuti "khethe".

Chachinayi, ikani SSD ndi kuimanga ndi kasikuluwu kake.

Chachisanu, mangani bolodi m'bokosi ndi kulumikiza mawaya a magetsi. Mawaya asakhudze fani.

Pomaliza, lumikizani sikirini, kiyibodi ndi mausi, ndipo yatsani. Ikapanda kuyaka musataye mtima. Zimitsani, zulani chingwe, ndi kuonanso waya uliwonse ndi RAM. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kompyuta yatsopano imakhala yopanda kanthu m'kati. Muikemo Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, imene ili yaulere. Chinenero cha Python, chimene ambiri amayambira polemba mapulogalamu, n'chaulerenso. Zikalowa, mwana angaphunzire zambiri ngakhale popanda intaneti.

Njira ya wochepa ndalama

M'chaka cha 2012, ku Cambridge m'dziko la England, anatulutsa kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi. Anakapangira ophunzira. Kukula kwake n'kofanana ndi chitupa cha unzika, ndipo poyamba kankagulitsidwa madola 35 a ku America. Purosesa ndi RAM zimabwera zili pabolodi kale. Inu mumangoonjezera kakhadi kosungiramo zinthu, kabokosi ndi chingwe cha magetsi chonga cha foni. Kalibe mphamvu ngati kompyuta ija talongosola, koma woyamba kumene kamukwanira.

Ubwino wa yaing'ono kuno kuchigwa

Ku Golomoti kuli munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 20, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Magetsi ake amapita m'mawaya a ESCOM. Komabe nyumba zambiri za m'midzi ya ku Mtakataka, Mua ndi Golomoti zimadalira sola yapadenga ndi batire. Apa mpamene kompyuta yaing'ono ipambana. Zazikulu zochitira masewera zimadya mawati mazana angapo. Raspberry Pi 4 payokha siipitirira mawati 15. Kumbukirani kuti sikirini nayo imadya magetsi ake.

Adani a kompyuta

Mdani woyamba ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha zedi, ndipo m'bokosi laling'ono mpweya umayenda movutikira. Liikeni pamthunzi, potalikirako ndi khoma. Musalifunditse nsalu likamagwira ntchito.

Wachiwiri ndi fumbi. Limatseka mabowo a mpweya. Kamodzi pamwezi zimitsani, zulani chingwe, ndi kupukuta ndi kabulashi kouma. Madzi ayi.

Wachitatu ndi nyerere ndi mphemvu. Musadyere pafupi ndi kompyuta.

Wachinayi ndi mphenzi. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani chingwe kukhoma.

Inu makolo, musafulumire kutulutsa ndalama chifukwa bokosi n'lalikulu kapena lonyezimira. Khalani pansi ndi mwana wanu, mnyamata kapena mtsikana. Alembe ziwalo zonse papepala pamodzi ndi mitengo yake, ndipo inu muwerenge nokha musanavomere.

Mafunso

1. Kodi pulogalamu n'chiyani?
2. RAM isiyana bwanji ndi SSD?
3. Chifukwa ninji tiyenera kugwira chitsulo tisanayambe kulumikiza?
4. Tchulani adani anayi a kompyuta.